Kadimba ka pamthunzi kosaweta udzudzu

Ngati pabwalo panu pali mtengo waukulu wa mango, mwaona kale kuti kapinga sakula pansi pake. Mumathirira, mumaika feteleza, koma pamangotsala fumbi m'cilimwe ndi matope m'nyengo ya mvula. Lekani kulimbana naye. Kapinga amafuna dzuwa, ndipo madzi amene mukumuthirawo ndiwo amasanduka zithaphwi. Udzudzu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, umaikira mazira m'madzi oima osazama. Kukatentha, pamatenga masiku pafupifupi 10 kuti dzira likhale udzudzu wouluka.

Conco yambani ndi madzi, mbeu zibwere pambuyo. Mvula ikagwa, m'mawa mwake zungulirani bwalo muone pamene madzi atsalira, ndipo kwirirani malowo ndi dothi. Pa pompi kapena pamene mumacapira, kumbani dzenje, mudzazemo miyala kuti madzi azilowa pansi. Dramu la madzi othirira likhale lovundikira nthawi zonse. Tumbale toika pansi pa miphika ya maluwa ticotseni, kapena muthiremo mcenga. Ngati mumabyala m'matayala akale, abooleni pansi ndi kudzaza dothi mpaka pamwamba. Tayala losiyidwa lopanda kanthu limasunga madzi kwa milungu.

Masamba a mango ogwa musawatenthe. Ayaleni pansi pa mtengo, osagunditsa thunthu. Amaletsa udzu kumera, amasunga cinyezi, ndipo akawola amakhala manyowa. Njira yoyendamo muiyale ndi timiyala kapena njerwa zosweka, basi nchito yosengula yatha.

Jinja amakula bwino pamthunzi, cimodzimodzi duwa lija la masamba aatali onga lupanga lochedwa Sansevieria, limene silifuna madzi ambiri. Repu ndi sipinachi zibyaleni m'mphepete, pamene dzuwa la m'mawa limafika. Siyani mipata pakati pa mbeu ndipo dulirani nthambi za m'munsi kuti mphepo idutse, cifukwa masana udzudzu umabisala m'masamba othithikana, makamaka pafupi ndi mawindo ndi zitseko.

Anthu ambiri amatifunsa za udzu wonunkhira mandimu uja, umene ena amaphikira tiyi. Ubyaleni ngati mumakonda tiyi wake, koma kungoima pabwalo sikuthamangitsa udzudzu. Komanso udzudzu wa kwa aneba sudziwa mpanda. Kuyambira Novembala mpaka Epulo zungulirani bwalo kamodzi pa mlungu, ndipo usiku uliwonse banja lonse ligone m'neti yoviikidwa m'mankhwala.