Kaulusi ka pa Nsomba ya m'Damu

Alimi ena kuno ku Angónia ali ndi madamu a nsomba m'munsi mwa madimba awo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, mawa m'mawa katungeni madzi a m'damu m'botolo loyera, mulikweze moyang'anitsa dzuwa. Muona timadontho toyera tikudumphadumpha ngati utitiri. Timeneti ndi tizilombo tamoyo, ndipo tambiri mwa ito akatswiri amatitcha makopepodi. Dzinali ndi la Chigiriki, ndipo limatanthauza kuti miyendo yake ili ngati nkhafi zopalasira bwato.

Kopepodi ndi mbale wake wa nkhanu, koma kutalika kwake ndi milimita 1 kapena 2 basi. Kuti mumuone bwino pamafunika maikulosikopu, makina okulitsa zinthu onga omwe a chipatala amayezera magazi. Mukadontheza dontho limodzi la madzi pa kagalasi n'kusuzumira, mumaona kanyama kamutu waukulu, kowonda kumchira. Kali ndi diso limodzi lokha pakati pa mutu, ndi tinyanga tiwiri titalitali. Kakakhala kakakazi kamtundu wa Cyclops, kamanyamula timatumba tiwiri ta mazira, kuno kamodzi uko kamodzi, ngati njinga yonyamula matumba a kachewere kupita ku msika wa Ulongwe.

Makopepodi amenewa musawaope, ndi chakudya cha ana a nsomba. Manyowa amene mumathira m'damu amameretsa ndere zosaoneka ndi maso zomwe zimabiriwiritsa madzi, makopepodi amadya nderezo, ana a makumba ndi chilunguni n'kudya makopepodiwo. M'nyanja ya Malawi usipa umadyanso omwewa, ndipo m'nyanja yamchere ya ku Beira alimo osawerengeka.

Koma pa mtundu sipalephera wina wokhalira kudya za eni. Alipo makopepodi ena amene amakhala pa thupi la nsomba monga momwe nkhupakupa imakhalira pa ng'ombe. M'chaka cha 1956, katswiri wina wa ku Britain, Geoffrey Fryer, adasindikiza zomwe adapeza atafufuza tizilombo totere pa nsomba za m'nyanja ya Malawi.

Wofunika kumudziwa bwino ndi Lernaea. Akangobadwa amasambira ngati anzake onse. Akakula pang'ono amakakhala m'makha a nsomba, momwe nsomba imapumira. Akakwerana, wamwamuna amafa. Wamkazi amaboola khungu pansi pa mamba kapena patsinde pa chipsepse, n'kulowetsa mutu m'mnofu. Pamenepo thupi lake limasinthiratu. Mutu umamera nyanga zonga nangula wa bwato, thupi limatalika mpaka kuposa sentimita 1, miyendo ija imatsala tizitsa chabe. Kunja kumangooneka kaulusi kolendewera, ndipo polowera pake pamakhala potupa, pofiira. Anthu ambiri amati ndi nyongolotsi. Si nyongolotsi ayi. Yang'anitsitsani kunsonga kwa kaulusiko, mupeza timatumba tiwiri ta mazira tija.

Wina ndi Ergasilus. Iye ndi wamng'ono kwambiri, ndipo tinyanga take tina tidapindika ngati mbedza zokolera m'makha. Mukatsegula chivundikiro cha makha mumaona timadontho toyera. Akachuluka, nsomba imavutika kupuma.

Nsomba yogwidwa ndi Lernaea imadzikhuza pa miyala ndi pa mitengo, imadya pang'ono, imawonda. Pabala paja pamalowanso matenda ena. Omvetsa chisoni kwambiri ndi ana a nsomba, chifukwa kwa iwo tiulusi tochepa tomwe n'tokwanira kupha. Munthu satenga kachilomboka. Nsomba yophika bwino idyeni.

Kuzizira kwathu kwa mu June ndi July kumachedwetsa kuswana kwake, koma madzi akafunda mu October amachulukana msanga. Nthawi zambiri amabwera ndi mbewu ya nsomba yochokera ku damu lina, kapena ndi ukonde wobwereka. Mbewu yatsopano muziyamba mwaiika payokha m'kadamu kakang'ono kwa milungu ingapo, n'kumaiyang'ana imodziimodzi. Ukonde muziuyanika padzuwa mpaka uume gwa. Mukakolola nsomba zonse, phwetsani damu, matope ang'ambike, muwazemo laimu musanalowetse madzi ena. Mukapeza nsomba ya kaulusi, musakazule ndi zala, chifukwa mutu umatsalira m'kati. Itengeni yonse m'ndowa ya madzi, mukaonetse alangizi a za nsomba.