Phunziro 12: Macheza a amayi mvula isanagwe

Tiyeni tiwerenge pamodzi, pang'onopang'ono.

Mwezi wa Seputembala watha. Tili mu Okutobala. Dzuwa likuswa mtengo. Nyenje zikulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mvula sinagwe, koma mitengo yayamba kale kuphuka. Taonani mombo kuphiri. Masamba ake atsopano ndi ofiira, mawa lino asanduka obiriwira. Mango akukula. Masuku ayandikira kupsa. Kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, nyengo imeneyi ndi chilimwe.

M'chilimwe ife amayi timakumana kawirikawiri. Madzi achepa pachitsime, ndiye timadikira, ndowa zili pamzere. Kuchigayo nako timadikira. Masana timakhala pansi pa mtengo wa mango, wina akutongola chimanga, wina akuluka, wina akuyamwitsa. Manja ali pantchito, pakamwa pali nkhani.

Abambo ena amati: "Akazi akakumana, miseche basi." Sitikukana, miseche iliko. Koma tikufunseni, inu abambo a m'kooperativa. Ndani anakuuzani kumene kwatsala mbewu ya nyemba? Ndani anadziwa msanga kuti mwana wa mnzanu watupa mapazi? Nkhani zimenezi zimamveka pachitsime zisanafike kumsonkhano. Choncho lero tiphunzira kuchokera m'macheza athu omwe.

Mverani awa, agogo ndi mtsikana amene wangokwatiwa chaka chino.

— Mwaswera bwanji, agogo?

— Ndaswera, mwana wanga, kaya iwe? Koma dzuwali, ayi ndithu.

— Munaiona mitambo dzulo cha kuphiri la Dómuè? Ine ikangogwa, ndikubzala.

— Iwe, dekha. Imeneyo ndi chizimalupsa. Imangozima phulusa la kutchire, kenaka n'kuthawa. Ubzala, chimanga chimera, dzuwa lichiwotcha. Mbewu ina uipeza kuti?

— Nanga chaka chatha ndinachedwa, agogo. Anzanga akudya mondokwa, changa chisanamasule.

Ndani akunena zoona? Onse awiri. Agogo akunena zoona chifukwa mvula yoyamba ndi yonyenga. Kuno mvula yobzalira imabwera kawirikawiri mu Novembala kapena kumayambiriro a Disembala. Tisanabzale, tikumbe ndi khasu m'munda. Tilowetse dzanja. Ngati dothi lanyowa kuyambira kunsonga ya chala mpaka pamfundo ya dzanja, ndipo likugwirana tikalifinya, nthawi yakwana. Ngati pansi pakadali fumbi, tidikire.

Mtsikanayo nayenso sakulakwa. Chimanga chochedwa kubzala sichibereka bwino, ndipo mvula ikadula msanga chimafa chisanakhwime. Tinaziona m'chilala cha 1992. Tinazionanso m'chilala cha 2024. Kuchedwa kwambiri kumabwera chifukwa chosakonzeka. Mvula ikugwa, ife ndiye tikuyamba kuunga mizere. Kapena tili kumunda kwa wina, pa ganyu, munda wathu uli gone. Mizere iungidwe tsopano. Manyowa apite kumunda tsopano. Mapesi tisawotche, tiwakwirire kapena tiwasiye aphimbe nthaka.

Macheza akupitirira. Mlamu wake wa mtsikana uja walowererapo.

— Ine mbewu yanga ndinaipachika pamwamba pa moto kuyambira masika. Utsi waiteteza.

— Mwaiyesa, mlamu?

— Kuyesa chiyani? Maso anga saona? Ndi yoyera mbee!

Maso amaona khungu la mbewu, saona moyo wake. Mbewu ikhoza kukhala yoyera koma yakufa. Pali njira yoyesera, yosafuna ndalama. Tengani njere 100, osasankha zokongola zokhazokha. Nyowetsani thumba la ziguduli kapena chitenje chakale. Yalani njerezo m'mizere 10, mzere uliwonse njere 10. Pindani, ikani pamthunzi pomwe nkhuku ndi makoswe safika. Wazani madzi tsiku lililonse. Pakatha masiku 7, tsegulani muwerenge zimene zamera.

Zikamera 85 kapena kuposa, mbewu ndi yabwino. Bzalani njere imodzi paphando. Zikamera pafupifupi 70, ikani ziwiri paphando. Zikalephera kufika 50, mbewu imeneyo ipite kuchigayo, ndipo funani ina lero, mvula isanagwe. Apa ndi pamene kuwerenga kumatithandiza. Kale tinkati "zambiri zamera". Tsopano timalemba m'kope: tsiku, dzina la mbewu, nambala.

Pobzala chimanga, mzere ndi mzere pakhale masentimita 75. Phando ndi phando pakhale masentimita 25. Dulani kamtengo ka msinkhu umenewo, mupatse mwana aliyense wobzala. Kuya kwa phando kukhale masentimita 5, ngati chala chachikulu cha kudzanja.

Tikumbukirenso kusiyana kwa mbewu. Chimanga cha makolo tingathe kusunga chaka ndi chaka, bola tisankhe zitsononkho zazikulu za pakati pa munda, ndi njere za pakati pa chitsononkho. Chimanga cha haibulidi, chogula m'sitolo, sichitero. Tikabzala ana ake, zokolola zimatsika.

Za mtedza tinene mosabisa, chifukwa apa ambiri timalakwitsa pofuna kupepuza zala. Poswa mtedza, ena amauwaza madzi kuti makoko afewe. Tileke. Madzi amabweretsa chuku, ndipo chukucho chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu sachoka pophika. Amawononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Mtedza wonyala, wakuda kapena wowawa usalowe m'nsinjiro za phala la mwana. Mtedza wa mbewu tiuswe masiku ochepa tisanabzale, tiubzale msanga ndi mothithikana, kuti matenda a kadukutu asaupeze.

Si nthawi zonse timakamba za munda. Munthu si ng'ombe yapangolo.

— Achemwali, mukuluka chiyani m'dzuwa lonseli?

— Chipewa cha mwana. Ndamasula juzi yakale ya bambo ake.

— Chipewa mu Okutobala? Mwana apsa!

— Nanga mu Juni ndidzaluka ndi manja ati, tikukolola? Chisanu cha kuno mukuchidziwa.

Aseka onse. Koma achemwaliwo aganiza patali. Ino ndiyo nyengo yokha imene manja athu amapumako. Mvula ikagwa, singano imalowa m'thumba mpaka masika.

Aliyense ali ndi chimene mtima wake umakonda. Wina amasoka tizidutswa ta zitenje n'kupanga chofunda. Wina amazira nyumba, n'kujambula khoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, ngakhale akudziwa kuti mvula idzakokolola. Wina amabzala maluwa m'chitini chobooka pakhonde. Atsikana ndi amayi amakumana mwezi ukawala, kukonza nyimbo za chimtali. Ena amafunsa: "Zimenezo mudya?" Ayi, sitidya. Koma mayi amene waseka madzulo amadzuka ndi mphamvu m'mawa. Ife tikuti zimenezi zisamachititse munthu manyazi.

Tiime pang'ono pa azakhali oumba mbiya, chifukwa luso lawo likutha. Amapita kumtapo kukakumba dongo. Amalisinja, amachotsa timiyala, amalikanya. Amaumba ndi zala, ndi chitsononkho, ndi kachidutswa ka chikho. Amasalaza ndi mwala. Mbiya imauma pamthunzi masiku angapo, chifukwa ikauma padzuwa imang'aluka. Kenaka amaiwotcha. Ntchito yonseyi imafuna nyengo youma, n'chifukwa chake amaumba tsopano.

Masiku ano zigubu za pulasitiki zadzaza pamsika wa ku Ulongué. Nzopepuka, sizisweka. Koma imwani madzi a m'chigubu masana ano, kenaka mumwe a mumtsuko. A mumtsuko ndi ozizira. Chifukwa chake n'chakuti dongo lili ndi timabowo tating'onoting'ono. Madzi pang'ono amatulukira kunja n'kuuma ndi mphepo, ndipo pouma amachotsa kutentha. Mtsuko umasunganso mbewu. Nyemba zouma bwino tizisakanize ndi phulusa losefa, tithire mumtsuko, tivundikire ndi phale, timate ndi dothi. Anankafumbwe amavutika kulowa. Azakhaliwa akamwalira opanda wophunzira, nzeru imeneyi ipita nawo kumanda. Kooperativa ingathe kupatula tsiku limodzi pasabata kuti atsikana akhale nawo pansi.

Dzuwa likapendeka, mawu amatsika. Nkhani za m'banja zimayamba.

— Kwanga nkhokwe yafika pakati. Bambo a ana atapa madengu awiri, akuti akagule batire ya wailesi. Abwera akununkha kachasu.

— Pepani, anzanga. Mbewu munabisa?

— Ndinakasungitsa kwa amayi anga.

Nkhani iyi siyoseketsa. Chimanga chogulitsa motchipa mu Okutobala ndi chomwecho timachigula modula mu Januwale ndi Febuluwale, ana akulira njala. Amene analima ndi awiri, mwamuna ndi mkazi. Otsegula nkhokwe akhalenso awiri. Tiyeni tiwerenge madengu amene atsala, tiwerenge miyezi mpaka masika, tilembe papepala, tiike poonekera. Pepala silikalipa, koma limakumbutsa. Ndipo mbewu ya mamembala ingathe kusungidwa pamodzi m'nyumba ya kooperativa, dzina la mwini litalembedwa pathumba.

Inu abambo, njinga imene imanyamula matumba kupita kumsika ingathenso kunyamula zigubu za madzi. Mayi akachoka pachitsime msanga, afika kumunda msanga. Afikanso kusukulu ya akulu ino pa nthawi yake.

Wina akudandaula za mwana wake wamkazi.

— Kwabwera anthu kudzafunsira. Mwana ali ndi zaka 15. Amalume ake akuti avomere, pakamwa pachepe pakhomo.

— Ayi, mlongo wanga. Mwanayo mayeso ali pafupi. Musiyeni alembe.

Amalume ali ndi ulemu wawo, ndipo tiwalankhule mwaulemu. Koma tidziwe kuti m'chaka cha 2019 dziko lathu la Mozambique linakhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Wokwatira mwana ndi wopereka mwana, onse ali ndi mlandu. Thupi la mtsikana wa zaka 15 silinakhwime, ndipo uchembere ungathe kumupha. Mayi asalimbane nazo yekha. Tipite naye awiri kapena atatu kwa amalumewo, kwa amfumu ndi kwa aphunzitsi.

Za ana aang'ono tikumbutsane mwachidule. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Akayamba phala, tithiremo nsinjiro ndi mfutso wosinja. Ndiwo zasowa, ino ndiyo nthawi yomasula zikwatu. Neti yong'ambika isokedwe lero, popeza mvula imabwera ndi udzudzu. Neti si yotchingira dimba.

Agogo aja akamva zonsezi amakumbuka zakale. Pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, mwa anthu 10 alionse, 9 sankadziwa kuwerenga. Bungwe la amayi la OMM linali litayamba kale mu 1973. M'chaka cha 1978 boma linayambitsa kampeni yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga m'dziko lonse. Maphunzirowo anali m'Chipwitikizi, ndipo amayi ambiri a kumudzi ankavutika nacho. Kenaka nkhondo inakula. Anthu ambiri a kuno anathawira ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utabwera mu 1992, anabwerera n'kupeza minda yasanduka tchire, nkhokwe palibe. Mbewu zina zinachokera ku mabungwe othandiza. Koma nthanga za maungu, khobwe, nzama ndi mawere zambiri zinayenda dzanja ndi dzanja, zomangidwa pamfundo ya chitenje, mayi kupatsa mayi mnzake. N'chifukwa chake agogo sakonda kuona mbewu ikuseweretsedwa ndi chizimalupsa.

Pali mdani mmodzi amene agogo sanakule naye. Ndi mbozi yatsopano ya m'chimanga, imene inafika m'dziko lathu mu 2017. Ambiri amaitcha ntchemberezandonda. Imabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, imaboola masamba, imasiya zitosi ngati utuchi. Chimanga chikangomera, tiziyendera munda m'mamawa kawiri pasabata. Mazira ake amakhala pamodzi patsamba. Tiwaphwanye ndi chala. Amayi ambiri amathira dothi, mchenga kapena phulusa pang'ono m'nsonga. Zikachuluka, tiitane alangizi tisanagule mankhwala. Mayi woyembekezera kapena wobereka mwana kumbuyo asagwire mankhwala opopera.

Tsopano tilembe mawu awa m'kope, katatu katatu: chilimwe, chizimalupsa, mbewu, phando, mtsuko, nsinjiro, nkhokwe.

Tichite masamu. Mayi anayesa njere 100. Njere 28 sizinamere. Zamera zingati? Aike njere zingati paphando? Mzere wake ndi wautali mamita 10. Mamita 10 ndi masentimita 1,000. Phando ndi phando ndi masentimita 25. Mumzeremo mulowa mapando angati?

Tikambirane m'magulu a anthu asanu, abambo ndi amayi pamodzi. Kwanu ndani amatsegula nkhokwe? Ndi mbewu iti ya makolo imene yasowa m'mudzi mwanu, ndipo ndani akadali nayo? Ndani m'kooperativa muno amadziwa kuumba, kuluka kapena kusoka, ndipo angaphunzitse tsiku liti?

Ntchito ya sabata ino: aliyense ayese njere 100 za chimanga chake lero madzulo. Lembani tsiku pakope. Sabata yamawa mubwere ndi thumbalo momwe lilili, tidzawerengere pamodzi pabwalo.