Ndere Zimene Zinathawa mu Thanki

Munthu woweta nsomba ndi makorali a m'nyanja yamchere mu thanki yagalasi sachedwa kuzindikira kuti ntchito yaikulu ili pa madzi. Nsomba zimadya n'kumadetsa madziwo, zakudya zotsala zimawola, nitrate ndi phosphate n'kumachulukana. Makorali amayamba kuzilala, ndipo miyala imamera ndere zaubweya zosaoneka bwino. Ambiri amathana nalo vutoli polima dala ndere zikuluzikulu m'kathanki kena kobisika kunsi, kamene eni ntchitoyi amakatcha refugium. Amakapachikira nyali ya LED yowala mofiira ndi mwabuluu, poti ndiko kuwala kumene ndere zobiriwira zimakulira msanga, ndipo amaiyatsa usiku nyali za thanki yaikulu zitazima, kuti pH ya madzi isamatsike kwambiri kukada. Ndere zija zimamwa zonyansa n'kunenepa, mwini n'kuzula gawo lina kukataya. Zonyansa zatuluka m'thanki, koma zatuluka zili m'thupi la chomera chamoyo, ndipo nkhani ya ndere zotchedwa Caulerpa taxifolia ikuyambira pamenepo.

Ndere zimenezi kwawo ndi ku nyanja zofunda. N'zokongola ndithu: tsinde limayanga pamchenga, n'kumatulutsa masamba obiriwira ooneka ngati nthenga. Chodabwitsa chake n'choti chomera chonsecho, tsinde, masamba ndi timizu tomwe, ndi selo limodzi lalikulu. Cha m'ma 1980, osamalira mathanki a ku Wilhelma, malo oonetsera nyama ndi zomera mumzinda wa Stuttgart ku Germany, anaona kuti mtundu wina wa ndere zimenezi sunkafota ngati inzake. Unkakula mwamsanga, unkapirira madzi ozizira, ndipo nsomba sizinkaudya chifukwa uli ndi poizoni wotchedwa caulerpenyne. Kwa munthu wofuna thanki yobiriwira chaka chonse, chomera chotere n'chamwayi. Osamalira mathanki aja anagawirako anzawo, chinafika ku Nancy m'dziko la France, kenaka ku nyumba yotchuka yoonetsera za m'nyanja ya ku Monaco, imene inamangidwa pathanthwe loyang'ana m'nyanja ya Mediterranean.

Mu 1984 kachigamba ka nderezi, kokula ngati sikweya mita imodzi, kanaoneka m'nyanja kunsi kwenikweni kwa nyumbayo. Munthu mmodzi wodziwa kumira akanatha kukazula tsiku limodzi. Palibe anazula, chifukwa anthu ankati chomera cha kotentha sichingapulumuke chisanu cha Mediterranean. Chinapulumuka. Pamene Alexandre Meinesz, katswiri wa zomera za m'nyanja wa ku yunivesite ya Nice, anakamira pamalopo mu 1989, anapeza chitadzaza pafupifupi hekitala yathunthu. Anachenjeza akuluakulu, koma zimene zinatsatira ndi mkangano. Oyang'anira nyumba ya ku Monaco anakana kuti nderezo zinachokera m'mathanki awo, n'kumanena kuti mwina zinadzera ku ngalande ya Suez kuchokera ku Red Sea. Akatswiri analemberana zotsutsana, maofesi a boma anakankhirana udindo, zaka n'kumapita. Kafukufuku wa DNA amene anatuluka mu 1998 anasonyeza kuti ndere za m'nyanjamo n'zofanana ndi za m'mathanki a ku Ulaya, ndipo pambuyo pake anapeza kuti makolo ake ndi a ku gombe la kum'mawa kwa Australia. Koma pomwe yankho limadziwika, madzi anali atafika kale m'khosi.

Mmene zinafalikira m'pamene woweta nsomba ayenera kutchera khutu. Ku Mediterranean nderezi sizinafune mbewu. Kachidutswa kotalika sentimita imodzi kakaduka n'kugwera pansi, kamamera. Nangula wa boti akakoka tsinde pagombe lina n'kukaponyedwa pagombe lina, wadzala. Ukonde wa msodzi ukaunjikidwa wonyowa, tizidutswa timakhala ndi moyo masiku angapo kudikira ulendo wotsatira. Ngakhale kuzula ndi manja mosasamala kumangochulukitsa, chifukwa zonyenyeka zimatengedwa ndi madzi. Pofika chaka cha 2000 zinali m'maiko asanu ndi limodzi, Monaco, France, Italy, Spain, Croatia ndi Tunisia, pamalo okwana mahekitala pafupifupi 13,000. Zinayala pamchenga, pamatope ndi pamiyala, n'kulowerera m'madambo a udzu wa m'nyanja wotchedwa Posidonia oceanica, mmene tiana ta nsomba timabisala ndi kudya. Ife amene tinaona namasupuni akutseka Shire cha ku Liwonde mpaka kusokoneza makina opanga magetsi ku Nkula sitifunika kutiuza zambiri. Nayenso anachoka ku South America chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake.

Kunena zoona, nyanja ya Mediterranean sinafe monga ena ankaopera. M'zaka zotsatira nderezi zinachepa zokha m'malo ambiri. Komabe palibe amene angati anazigonjetsa, ndipo kudalira kuti tsoka lidzadzithera lokha si nzeru yoti boma lililonse liyendere.

Ku California anachita mosiyana. Mu June 2000 anthu omira anazipeza m'dziwe la Agua Hedionda ku Carlsbad, kumpoto kwa San Diego, ndipo posakhalitsa zinapezekanso ku Huntington Harbour. Unali mtundu womwe uja wa m'mathanki, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti wina anakhuthula thanki yake m'madzimo kapena mu ngalande yopita kumeneko. Nkhani ya ku Monaco inali ikudziwika, tsono sanadikire kuti apeze wolakwa. Patangotha masiku 17 ntchito inayamba. Chigamba chilichonse anachifunditsa lona wokhuthala, m'mphepete n'kutsendereza ndi zolemera kuti pasatuluke kanthu, kenaka n'kuika klorini kunsi kwake. Chilichonse chokhala pansi pa lonayo chinafa, udzu wabwino, nkhono, nkhanu ndi tinsomba tomwe. Omira anapitiriza kufufuza pansi pamadzi odera, mzere ndi mzere, zaka zingapo. Analengeza kuti zatheratu mu July 2006, atawononga ndalama pafupifupi madola 7 miliyoni pa malo awiri ang'onoang'ono. Mu 2001 boma la California linali litaletsa kale kugulitsa ndi kusunga mitundu isanu ndi inayi ya Caulerpa.

Ngakhale mkati mwa thanki momwemo Caulerpa si mnzako wodalirika. Nthawi zina, makamaka ikathinana kapena kuwala kukasintha, imayera mwadzidzidzi n'kukhuthulira za m'kati mwake zonse m'madzi pofuna kuberekana. Madzi amachita mbuu, zonyansa zimene inamwa miyezi yonse zimabwerera usiku umodzi, mpweya umachepa ndipo nsomba zimatha kufa. Ena amasiya nyali yoyaka usana ndi usiku poyesa kupewa zimenezi. Ambiri anangosamukira ku Chaetomorpha, ndere zolukanalukana zosagwira pamiyala, zimene sizichita khalidwe limeneli kawirikawiri.

Koma kaya ndi mtundu uti, tsiku lokolola ndilo loopsa, makamaka kwa okhala m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere monga Durban ndi Cape Town, kumene ngalande za madzi amvula zimathira m'nyanja osadzera kosefera. Ndere zozulidwa aziike m'pulasitiki, amange bwino, aziumitse mufiriji kwa maola osachepera 24, kenaka azitaye ku zinyalala. Madzi ochotsedwa m'thanki awasefe kapena awathire Jik asanawataye m'sinki, ndipo miyala ndi mchenga wakale asakazibwezere ku gombe poganiza kuti akuchita chifundo. Amene amatuma wantchito kutsuka thanki amuuze zimenezi momveka, chifukwa ndowa ikadzaza munthu amaithira pamene pali pafupi.

Mu 2021 mtundu wina, Caulerpa prolifera, umene sunali pa mndandanda wa mitundu yoletsedwa ija ndipo unkagulitsidwa m'masitolo a nsomba, unapezeka ku Newport Bay, m'chigawo chomwecho cha California. Omira anabwereranso m'madzi, ndipo aphungu anasintha lamulo kuti liletse mitundu yonse ya Caulerpa.