Kulumikiza kalasi ya ku Johannesburg ndi ya ku Israel

Sukulu zachiyuda za kunja, monga King David ku Johannesburg kapena Herzlia ku Cape Town, zikafuna kupezera ana awo anzawo ku Israel zingathe kudzera ku bungwe la Jewish Agency, lomwe lili ndi pulogalamu yolumikiza madera yotchedwa Partnership2Gether. Ayuda a ku South Africa adawalumikiza ndi dera la Beit Shemesh ndi Mateh Yehuda. Koma bungwe limangokupezerani mnzanu. Ntchito yotsalayo ndi ya inu aphunzitsi.

Yambani ndi kudziwana inu ndi mphunzitsi mnzanu wa ku Israel, ana asanamve n'komwe, ndipo muyale makalendala anu pamodzi. Ubwenzi wotere ukamafa, umafera apa. Ku Israel sukulu zimatsegulira pa 1 Sepitembala n'kutseka mu Juni, pomwe ku South Africa chaka chimayamba mu Januwale. Ndiye kuti ana a ku Israel amene mwayamba nawo mu Febuluwale, pofika Sepitembala akwera kalasi, mwinanso ali m'manja mwa mphunzitsi wina. Gwirizanani msanga kuti ubwenziwo uzitsata anawo kulikonse akwera. Masiku nawonso sagwirizana: ku Israel Lamlungu amaphunzira, Lachisanu amaweruka msanga pokonzekera Sabata. Sankhani pakati pa Lolemba ndi Lachinayi. Za maola musadandaule, kusiyana sikupitirira ola limodzi; ovutika ndi a ku Los Angeles, omwe amasiyana ndi Israel maola 10.

Makolo akavomera, mwana aliyense mumupatse mnzake mmodzi, ndipo mauthenga azidzera kwa inu. Musathamangire Zoom. Ana osadziwana mukawayang'anitsa pa kompyuta amangoti duu. Ayambe ndi kalata ya pamanja, mizere ina m'Chiheberi, ina m'Chingerezi, kuti mbali zonse zilakwitse mofanana.

Nkhani zolemba muzitenge ku zikondwerero. Pa Purim atumizirane timphatso ta mishloach manot. Pa Pesach afunsane chifukwa chake ku Israel amachita masiku 7, kunja 8. Hanukkah imagwa m'nyengo yozizira ku Beit Shemesh, koma ku Johannesburg kukutentha, sukulu zitatseka kapena zili pafupi kutseka, choncho makalata anu anyamuke mu Novembala.

Chenjerani ndi chizolowezi chosandutsa ana a ku Israel aphunzitsi, a kunja omvera chabe. Funso lililonse lopita uko, lina lizibwera kuno: sunagoge wanu ndi wotani, agogo anu adachokera kuti? Ambiri a ku South Africa adzayankha kuti ku Lithuania, ndipo ena angafunike kukafunsa kaye kunyumba.