Phesi, Chitsononkho ndi Mdzukulu pa Nyengo ya Masika

Mvula ikatha ndipo mphepo yozizira ikayamba kuomba, m'miyezi ya Meyi ndi Juni, chimanga chimakhala chitauma m'mikukwe, ndipo anthu amakolola. Chimangacho chipita kunkhokwe kapena m'matumba, koma m'munda mutsala mapesi, pabwalo patsala makoko ndi zitsononkho. Kwa mlimi zimenezi ndi zotsala chabe. Kwa nkhalamba imene ili ndi mdzukulu wa zaka zinayi kapena zisanu, ndizo zipangizo za sukulu yoyamba ya mwanayo, ndipo sizigulidwa ndi ndalama.

Ntchito imeneyi iyenera agogo koposa makolo, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, pa masika bambo ndi mayi atangwanika ndi kututa, kutonola ndi kumata nkhokwe, ndipo alibe nthawi yoyankha mafunso a mwana. Chachiwiri ndi mwambo. Pakati pa Achewa mwana amaopa kholo lake, koma agogo ndi mdzukulu ndi anthu a nthabwala: agogo aakazi atchula kamnyamata kuti "amuna anga", agogo aamuna atchula kamtsikana kuti "akazi anga". Kale ankati ambuye. Liwu lakuti agogo lidadza ndi Angoni ochokera kumwera, amene gulu lawo la Zwangendaba lidaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835. Tsono mwana ali pamaso pa munthu amene samuopa, angathe kulakwa popanda manyazi, ndipo kulakwa kotere ndiko khomo la luso.

Phesi lili ndi zigawo ziwiri, ndipo luso lonse lagona pakuzilekanitsa. Kunja kuli khungu lolimba, losalala. M'kati muli mtima woyera, wofewa ndi wopepuka. Agogo adula phesi pakati pa mfundo ziwiri, nasenda khungulo m'timizere titalitali, kufikira mtima utsale wokha. Mtimawo ndiwo thupi la chinthu chimene afuna kupanga. Timizere ta khungu ndito misomali, miyendo ndi nyanga, pakuti tilowa mumtimamo ngati singano ndi kugwira popanda ulimbo. Phesi laliwisi silisendeka bwino, ndipo lokhalitsa padothi limakhala litafumbwa. Lofunika ndi louma limene lidaimirira mumkukwe. Mapesi a mapira nawonso agwira ntchito yomweyo. Ndipotu mapira ndi mawere ndizo mbewu zakale za dziko lino. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo chidafika mu Africa pambuyo pa chaka cha 1500.

Choyambira chabwino ndi ng'ombe. Chidutswa chachitali cha mtima chikhala thupi, chachifupi chikhala mutu, kachidutswa kena linunda. Agogo apange imodzi mwanayo akuona, osafulumira, kenaka am'patse zidutswa kuti apange yake. Apa ndi pamene akulu ambiri aphonya. Aona mwendo wapendekeka, mutu waloza kumchira, ndipo dzanja lawo lithamanga kukakonza. Ng'ombe ituluka yokongola, koma si ya mwanayo, ndipo iye adziwa bwino lomwe kuti si yake. Waphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti manja ake ngosakhoza. Agogo anzeru aika manja pamiyendo ndi kudikira. Ng'ombe ya mwanayo ikaimikidwa pansi idzagwa, pakuti miyendo yake siilingana. Pamenepo angofunsa kuti, "Amuna anga, ng'ombe yanu yagweranji? Tayang'anani miyendo." Mwanayo adzalinganiza mwendo ndi unzake, nadzathyola wautaliwo. Palibe wam'tchulira za muyeso, koma wayesa. Palibe wam'lamula kuwerenga, koma wawerenga miyendo inayi ndi nyanga ziwiri. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi wofunika kudekha ndi wamkulu. Akatekisti ndi onse ophunzitsa ana aang'ono akadachita bwino kukhala pambali madzulo amodzi ndi kupenyerera m'mene agogo otere aphunzitsira ndi mawu owerengeka.

Ng'ombe ikatheka, zina zitsatira mosavuta. Mandala a m'maso apangidwa popinda timizere tiwiri ngati mphete ndi kutilowetsa m'kachidutswa ka mtima kokhala pamphuno. Tina tiwiri tipita kumakutu. Galimoto ndi ngolo zifuna dzanja lokhwimirapo, la mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, popeza magudumu ayenera kulingana ndi kuzungulira pa kamtengo kosalala. Kwa kamtsikana, chitsononkho chisanduka mwana: makoko akhala nsalu, ndevu za chimanga zikhala tsitsi, luzi kapena khonje amangira m'chiuno. Makoko ouma athetheka, koma akanyikidwa m'madzi kanthawi afewa, napindika ndi kulukika popanda kung'ambika. Akatha kum'veka, agogo am'patse kansanza ndi kumuonetsa kaberekedwe.

Pali zoopsa zimene siziyenera kupeputsidwa. Khungu la phesi louma licheka ngati lumo, ndipo zala za mwana n'zanthete. Kusenda ndi kudula ikhale ntchito ya agogo okha, ndipo mpeni usagonekedwe pamphasa. Mkukwe wokhalitsa ndi nyumba ya mbewa, ndipo pamene pali mbewa njoka siikhala kutali. Wamkulu ayambe waugwedeza ndi ndodo mwana ali patali. M'mphepete mwa minda chitedze chimakhala chitakhwima nyengo yomweyi. Ana aang'ono akonda kulowetsa njere za chimanga kapena nyemba m'mphuno ndi m'makutu. Zikatero, asatokose ndi kamtengo, pakuti njereyo ingolowerera, koma apite naye kuchipatala. Ndiponso zitsononkho zowola ndi chimanga cha chuku zitayidwe kutali. Mitundu ina ya chuku ili ndi poizoni woononga chiwindi, amene satha ngakhale chimangacho chiphikidwe, ndipo ana amene akunkha m'minda kuti akaphike kumasanje sadziwa kusankha ngati wamkulu sadawaonetse.

Masanje amenewa ndiwo mathero a sukulu ya agogo. Mwana amene chaka chino adaphunzira kulowetsa mwendo wa ng'ombe, zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi adzamanga kamsasa ka mapesi pamodzi ndi anzake, nadzafuna kudziwa kuzika nsichi ndi kumanga luzi. Kuchokera pamenepo kuluka nkhokwe, lichero ndi mphasa sikuli kutali. Koma m'midzi yambiri oluka zimenezi ndi okalamba, ndipo adzukulu awo akulira m'tauni, kumene chidole chigulidwa m'sitolo chitatha kale, mwana osadziwa chidapangidwa bwanji. Okhala m'tauni asati n'zosatheka: amene apita kumudzi kukatenga chimanga angathe kumangirira kamtolo ka mapesi pamwamba pa thumba, ndipo ngakhale m'mizinda timinda ta chimanga tilipo.

Chofunika ndi kutola msanga. Zokolola zikangochoka m'munda ng'ombe ndi mbuzi zilowamo, ndipo posachedwa osaka mbewa ayatsa moto, ngakhale alangizi a zaulimi aletsa kutentha mapesi, popeza akasiyidwa m'munda asunga chinyezi ndi kubwezera chonde m'nthaka. Mtolo umodzi wa mapesi owongoka ukwanira ana onse a pakhomo, ndipo suchotsa kanthu pa chonde cha munda. Usasiyidwe pansi, kuopa chiswe. Uikidwe pansanja kapena m'khonde pamalo ouma, ndipo udzatumikira chilimwe chonse kufikira mvula yoyamba ya Novembala.