Kupaka Duwa la Therere ndi Utoto wa Madzi

Khalani pansi, anyamata ndi atsikana, ndipo maburashi muwasiye kaye pa desiki. Tayamba m'mamawa chonchi chifukwa duwa la therere lobala limamasula kukacha, pofika masana layamba kale kufota ndi kudzipinda. Liyang'anitsitseni. Lili ndi timasamba tisanu tachikasu chotuwira, tosanjikizana mozungulira, kalikonse kakuphimba m'mphepete mwa kanzake. Pakati pali pofiira moderako, ndipo pomwepo patuluka kamtengo kodzaza ufa wachikasu, kansonga kake kofiira. Amene kwanu mumalima thonje kapena chidede mwaona kale kuti maluwa ake ndi apachibale ndi limeneli.

Utoto uli m'timbale tanuto ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wina wa banja la mthethe, umene wambiri umachokera ku Sudan. Madzi amasungunula utomoniwo n'kunyamula ufa kupita nawo papepala. Akauma, utomoni umamata ufawo pamene madzi ausiya. Choncho ntchito yanu yaikulu lero ndi kuyang'anira madzi, pakuti utoto umangopita kumene madzi apita, ndipo pouma sufikapo wokha.

M'bokosi mwanu musafunefune utoto woyera. Kuyera kwake ndi pepala lenilenilo. Utoto umenewu ndi woonekera mkati, kuwala kumadutsa n'kukagunda pepala n'kubwerera m'maso mwanu. N'chifukwa chake timayamba ndi mitundu yowala n'kumalizira yoderapo. Mukadetsa malo ofunika kuwala, kubweza kwake n'kovuta.

Za pepala sindichulukitsa. Pepala la m'kope kapena la fotokope, lolemera pafupifupi magalamu 80 pa sikweya mita, likanyowa limachita makwinya, madzi n'kumadikha m'maenjemaenje. Akatswiri amagwiritsa ntchito la magalamu 300, makamaka lopangidwa ndi thonje, chifukwa limasunga chinyezi nthawi yaitali. Lathuli ndi lapakatikati, ndiye limateni ndi tepi mbali zonse zinayi pa kabolodi.

Jambulani duwalo ndi pensulo mopepuka, mzere wongooneka pang'ono. Kenaka tengani burashi yoyera, muiviike m'madzi okhaokha, munyowetse kasamba kamodzi. Kamodzi kokha, ndanena, ndipo potsatira mulumphe koyandikana nako, chifukwa timasamba tiwiri tonyowa tikakhudzana utoto umawoloka malire, duwa lonse n'kusanduka chibanthu chimodzi.

Tsopano pendeketsani kabolodi kuloza ku zenera, muone pepala. Apa ndi pamene phunziro lonse lagona. Pepala lonyowa limadutsa m'magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi ntchito yake. Poyamba madzi amaoneka atadikha, akung'anima kwambiri. Mukaika utoto nthawi imeneyo umathamanga paliponse osaugwira. Dikirani pang'ono. Madzi akalowa m'pepala, kung'anima kumachepa koma sikutha, pepala limaoneka lonyezimira mofatsa. Imeneyo ndiyo nthawi yanu. Ikani chikasu chosungunula kwambiri, chifalikire chokha, musiye kampata kosapaka kumene kuwala kwa pazenera kukugunda. Pepala lidakali choncho, tengani chofiira chosakaniza ndi buluu pang'ono, chokhuthara, burashi isakhale ndi madzi ambiri, mugunde ndi nsonga yokha patsinde pa kasambako. Chotsani dzanja. Muona chofiiracho chikukwera chokha m'chikasu, chikuzimiririka pang'onopang'ono monga chimachitira pa duwa lenileni. Palibe dzanja la munthu lingathe kujambula kuzimiririka koteroko mzere ndi mzere.

Gawo lotsatira ndilo loopsa. Kunyezimira kwatha, pepala likuoneka ngati lauma, koma mukalikhudza ndi kunja kwa chala likuzizira. Pamenepo manja kumbuyo! Ambiri a inu mudzaona kena kake kosakusangalatsani n'kufuna kukonza. Burashi yonyowa ikagunda pamenepo, madzi atsopano amakankha ufa umene unali usanamatike, n'kusiya banga la m'mphepete mokhotakhota ngati chikanga cha mkodzo pa mphasa. Musaseke, mudzachiona nokha posachedwapa. Ena amachita dala banga limeneli pofuna kukongoletsa kumbuyo kwa chithunzi, ndipo kumeneko limakhala bwino ndithu, koma pa kasamba kosalala ka therere ndi chilema.

Kodi kudikira kwake ndi mphindi zingati? Wotchi siingakuuzeni. Mu Okutobala, kunja kukutentha, pepala limatha kuuma musanamalize n'komwe kusakaniza utoto, ndiye sakanizirani mitundu yanu yonse musananyowetse. M'nyengo ya dzinja mudzadikira mpaka kutopa. Maso ndi chala ndizo zikuuzeni. Kumbukiraninso kuti utotowu ukauma umatuwa kuposa mmene unalili uli wonyowa, choncho chofiira cha pakaticho musachiope.

Pepala likauma gwa, timabwera ndi njira yachiwiri, utoto wonyowa pa pepala louma. Apa mzere umakhala wakuthwa, sufalikira. Ndi mmene mujambulire timitsempha ta kasamba, kamtengo ka pakati, ndi mthunzi umene kasamba kena kakugwetsa pa kanzake. Pakani kamodzi mopepuka n'kudutsa. Mukabwerezabwereza mudzutsa utoto wapansi. Mthunziwo musaupange ndi utoto wakuda. Chakuda chikakumana ndi chikasu chimabala mtundu wobiriwira mwauve, duwa n'kuoneka lodwala. Tengani pepo wosungunula kwambiri, wongotsala pang'ono kukhala madzi, mumuyale pamwamba pa chikasu chouma. Chikasucho chizionekabe pansi pake.

Mukapyola muyezo, tsukani burashi, muifinye pa kansalu, muigunditse pamalopo pakadali ponyowa, imwe utoto wina. Njira ya mchere, yowaza timibulu pa utoto wonyowa kuti tisiye timawanga tonga nyenyezi, muiyese pa kapepala kapadera. Ine sindiikonda pa maluwa, imakopa maso kuposa duwalo.

Wina anandifunsa sabata yatha chifukwa chake tikuvutika ndi therere m'malo mwa maluwa okongola a m'mabuku. Mu 1503, Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anajambula ndi utoto wa madzi kachigawo ka thengo, udzu wamba ndi zitsamba zomera zokha, ndipo chithunzicho chikusungidwa mpaka lero ku Albertina mumzinda wa Vienna. Pierre-Joseph Redouté, amene mabuku ake a maluwa a rozi anatuluka kuyambira 1817 mpaka 1824, ankajambula maluwa amoyo a m'minda ya ku France, kuphatikizapo ya mfumukazi Joséphine ku Malmaison. Onsewa ankayang'ana chomera chili patsogolo pawo. Duwa lokopera m'buku wina anakusankhirani kale pogwa mthunzi ndi powala, inu n'kungotsatira osadziwa chifukwa chake.

Makapu akhale awiri pa desiki iliyonse, ina yotsukira burashi, ina ya madzi oyera onyowetsera pepala, ndipo musawasokoneze, chikasu sichichedwa kuda. Musanakhudze chithunzi chenicheni, dulani kapepala, munyowetse malo atatu, mugunde chofiira pena pakung'anima, pena pakunyezimira mofatsa, pena patangotsala pang'ono kuuma. Mubwere nako kuno ndione, kenaka muyambe kasamba koyamba.