Madzi Akumwa: Phunziro la Nyengo ya Chilimwe

Pafupifupi magawo 60 mwa magawo 100 alionse a thupi la munthu wamkulu ndi madzi. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene alimi ali kalikiliki kusosa ndi kugalauza minda, madzi ambiri amatayika kudzera m'thukuta. Akapanda kubwezeretsedwa, mutu umapweteka, thupi limafooka, munthu amadzimbidwa, ndipo m'kupita kwa nthawi impso zimatha kuchita timiyala.

Munthu wamkulu amafunika kumwa malita pafupifupi 2 patsiku. Wogwira ntchito padzuwa, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa amafunika oposa pamenepa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi achepa m'thupi.

Ofuna kuchepetsa kunenepa adziwe kuti madzi sasungunula mafuta monga ena amanenera. Ubwino wake ndi wakuti alibe shuga. Akalowa m'malo mwa zakumwa zotsekemera, shuga wolowa m'thupi amachepa, ndipo kumwa kapu imodzi chakudya chisanafike kumathandiza kuti mitanda ya nsima isachuluke.

Komabe madziwo ayenera kukhala aukhondo: owiritsa kapena othira klorini, ndiponso osungidwa m'ndowa yovundikira, pakuti madzi auve ndiwo amafalitsa kolera.